Andiwotchera makatoni anga

Sabata ino yanditopetsa zedi kusukulu komwe ndimaphunzitsa, ndipo si ana ayi, ana ndinawazolowera. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse, kutsuka zitsekero za mabotolo ndi sopo, kuziyanika, kusankha zopita kalasi iti. Anzanga mukudziwa kale, chilichonse chaching'ono choti n'kulowa m'kachubu ka tishu sitipatsa ana osakwana zaka 3, amangoponya m'kamwa basi atsamwidwa. Zitini ndiye ndinasiya kalekale, milomo yake ija imacheka.

Nkhani ndi ya Lachitatu. Miyezi iwiri yathunthu ndakhala ndikutolera makatoni, timachubu, tizidutswa ta nsalu tomwe atelala amataya, makolo enanso kumandibweretsera m'majumbo, zonse nditazisanja bwinobwino pakona m'kalasi. Ana anali atayamba kale kumanga tauni yawo, nyumba za makatoni, galimoto za mabotolo matayala ake zitsekero, kamtsikana kena kanatha masiku atatu kakumata tinsalu pawindo la kanyumba kake kuti akhale makatani, osalola munthu kukhudzako. Ndikufika m'mawa pakona paja pali mbee, kuseri utsi uli tolotolo. Akuti ahedi anauza alonda kuti kukubwera alendo ndiye zinyalala zonse ziwotchedwe. Zinyalala! Mapulasitikinso anaponya momwemo, utsi wake wonunkha uja n'kumalowa m'kalasi momwe mwakhala ana.

Chondiwawa n'choti ahedi omwewa ndi amene chaka chonse amangoti ndalama za zidole palibe, gwiritsani ntchito zopezeka pafupi. Masizasi tili nawo 4 okha kalasi yonse, guluu ndinapempha teremu yatha mpaka lero kuli zii. Ndiye alendowo atabwera Lachinayi funso loyamba linali loti zopanga ana zili kuti, ahedi n'kutembenuka kumandiyang'ana ine ngati ndine waulesi. Ndinangoluma mano, ntchito ndikuifunabe.

Kamtsikana kaja sikanalire n'komwe, kanangondikoka chala n'kuti madamu nyumba yanga mwaisamutsira kuti. Ndinasowa chokayankha.

Lachisanu tinayambiranso ndi makatoni awiri omwe alonda omwewo anandibweretsera akupepesa, ati iwo anangotumidwa. Panopa chilichonse ndikumalembapo dzina la mwana ndi maka n'kukiyira m'kabati, makiyi ndikuyenda nawo m'chikwama.