Zitsulo za sitima tizingogula kunja mpaka liti?

Abale nkhani ya njanji imandikhudza ine. Njanji yathu iyi yochoka ku Nkaya kudzera Salima mpaka pa Kanengo pano, mpata wa pakati pa zitsulo zake ndi mamilimita 1,067, chimodzimodzi ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe mpaka South Africa. Nde kuti chitsulo chopangidwa kuno chitha kugwira ntchito maiko onsewa bola chikhale pa muyezo, msika ulipo kale!

Sindikunena zopanga injini ya sitima ayi, izo tiwasiyire a China omwe mu 2015 anaphatikiza makampani awiri nkupanga kampani yopanga sitima ya CRRC, ndalama za kafukufuku ali nazo zoopsa. Ine ndikunena zinthu zimene zimatha msanga monga mabuleki, komanso mabawuti ndi masilipa a konkire ogonekapo njanji. Koma buleki ikalimba mopyola muyezo imadya wilo, ikafewa imatha msanga, nde palibe kampani ingagule chinthu chosayezedwa ngakhale chitchipe bwanji.

A MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, tiyeni miyezo yathu ifanane ndi ya anzathu a mu SADC, ana a uinjiniya ku MUBAS ndi MUST apatsidwe makina oyezera zitsulo, osati kumangowerenga m'buku. Anyamata ogwira ntchito za zitsulo pa Biwi luso ali nalo, akungosowa wowayezera ntchito yawo.