Lachitatu: misewu ya ku Noto pa kompyuta

Lero aphunzitsi athu a zamapu anatipatsa aliyense zithunzi ziwiri za pa setilaiti, china cha chivomerezi cha ku Noto chisanachitike, china cha pambuyo pake. Ntchito inali yolemba mzere wofiira paliponse pamene msewu waduka. Ine anandigawira Route 249, msewu wa m'mbali mwa nyanja pakati pa mizinda ya Wajima ndi Suzu.

Chivomerezicho chinagwedeza dera la Ishikawa ku Japan, komwe kuli Noto, pa 1 January 2024, ndipo mphamvu yake inali 7.6. Pamene phiri linagumukira mumsewu sipavuta kuona. Phula limangotha mwadzidzidzi, n'kubwera dothi lofiirira lochokera kumtunda mpaka m'madzi, mitengo ili gonegone. Koma pena ndinangopeza mitambo yokhayokha, pansi osaoneka n'komwe.

Apa mpamene aphunzitsi anatsegula zithunzi za ALOS-2, setilaiti ya JAXA, bungwe la ku Japan loona za mumlengalenga. Iyoyo imagwiritsa ntchito radar, kutanthauza kuti imajambula ndi mafunde a wailesi, ndiye mitambo kapena mdima siziitchinga. Zithunzi zake n'zosasangalatsa, zimangokhala ngati TV yopanda siginolo, koma ukayerekeza ziwiri za masiku osiyana zimakuuza mmene nthaka yasunthira. Kumadzulo kwa Wajima gombe linakwera pafupifupi mamita 4. Madoko ena a asodzi anauma, mabwato n'kutsala pamiyala. Ndiye taganizani, msewu watsekeka, panyanjanso chombo cha thandizo chilibe pokocheza, kwinaku ku Suzu tsunami yalowa m'nyumba za anthu.

Masana tinakangana ndi mnzanga wokhala naye pafupi pa za mlatho wina. Pachithunzi unali chiimire, iye n'kuulemba kuti ndi wodutsika. Ine ndinakana. Chivomerezi chimatha kutsitsa dothi la polowera pamlatho, n'kusiya chitunda chimene ambulansi singakwere, ndipo kumwambako sungachione. Za ming'alu ya pansi pa mlatho ndiye usanene.

"Aphunzitsi, nanga pamenepa tilembe chiyani?" ndinafunsa. Iwo anati tiike chikasu, kutanthauza kuti papite munthu akaone ndi maso. Pomaweruka, mapu anga anali ndi chikasu chochuluka kuposa chofiira, ndipo sindikuona cholakwika pamenepo.

Mawa tikasankha malo achikasu oyenera kuyamba kutumizako anthu. Ine ndiyambira pa midzi imene ili ndi njira imodzi yokha yotulukira.