Lachiwiri: Mwana Wolowerera wa Rembrandt, kuwala kochokera papepala

Tsiku lonse lero latha tili ndi ophunzira pa chojambula chimodzi cha Rembrandt, katswiri wojambula wa ku Netherlands, cha m'ma 1642, chomwe chimasungidwa ku Teylers Museum mumzinda wa Haarlem ku Netherlands. Nkhani yake ndi ya pa Luka 15:20, pomwe bambo akukumbatira mwana wake wolowerera. Rembrandt anagwiritsa cholembera, inki yabulauni, burashi ndi utoto woyera pang'ono.

M'mawa tinayang'ana kayalidwe ka anthu. Tsinzinani pang'ono muone komwe kwada kwambiri. Ndi pa bambo wowerama ndi mwana wogwada, ndipo mizere yawo yalowana moti awiriwa asanduka chinthu chimodzi. Mnyamata woonerera chapambali wajambulidwa mopepuka, diso limamupeza pambuyo.

Nyumba yake njosamalizitsa dala. Khomo ndi khoma zangopakidwa mwachangu, cholinga chake n'chakuti tidziwe kuti mwanayu wafika pakhomo koma sanalowe. Yerekezani ndi chithunzi chosindikizidwa cha Rembrandt cha 1636 cha nkhani yomweyi, chomwe chili ndi masitepe, zenera ndi antchito obweretsa zovala. Kumeneko maso amabalalika. Ifeyo tikuona kuti cha inkichi ndiye champhamvu.

Masana ophunzira anayesa kukopera, ndipo apa m'pamene panavuta. M'chojambula cha inki, kuwala ndi pepala lomwe mwalisiya losapaka. Mukadetsa, kwatha. Choncho yambani mwasankha mbali yomwe kuwala kukuchokera, muike timadontho ta pensulo mozungulira malo oyera. Sungunulani inki m'tizibekete titatu: dontho limodzi pa madontho 20 a madzi, pa 10, ndi pa 3. Pakani yopyapyala poyamba, iume, kenako yotsatira. Ambiri amapupuluma n'kubwereza pepala lidakali lonyowa, inki n'kuyenderera, m'mphepete n'kutsala mzere wakuda. Ena amajambula njerwa iliyonse ndi rula, khoma n'kulanda nkhani yonse.

Musadalire kwambiri mtundu wa inki womwe mukuuona lero pa chojambulachi. Inki ina ya nthawiyo inkapangidwa ndi mwaye, ina ndi zotupa za mtengo wa oak zosakaniza ndi mchere wa chitsulo. Yachiwiriyi imayamba yakuda, imafiirira pakapita zaka, ndipo imadya pepala pomwe yachuluka. Kuwala nakonso kumawononga mapepala oterewa, n'chifukwa chake powaonetsa nyali imachepetsedwa kufika pafupifupi 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala).