Kamphira kamodzi kanandithera Loweruka lonse

Fire piston yanga yayamba kuyatsa, ndiye ndilembe mtima usanatsike. Kwa amene simunaionepo, ndi kapaipi kotseka mbali imodzi ndi kandodo kolowa mothina bwino. Kunsonga kwa kandodoko mumaikako kansalu kopsereza, n'kumenya kamodzi mwamphamvu. Mpweya wopanikizidwa mwadzidzidzi, malo a magawo 25 n'kutsala gawo limodzi, umatentha kupitirira madigiri 260 ndipo kansalu kaja kamagwira moto. Amene munapopapo njinga mukudziwa mmene pampu imafundira m'manja, kungoti apa kutenthako kumabwera nthawi imodzi. Anthu a ku Borneo, Malaysia ndi Philippines ankazipanga ndi nsungwi kapena nyanga, ndipo ku England zinalembetsedwa mu 1807, John Walker asanatulukire machesi ake mu 1826. Inde ndikudziwa, machesi a Lion ali pa spaza (kagolosale ka m'makomo) iliyonse muno mu Rosettenville, ku Joni. Ine chidwi chinandigwira mu 2023 magetsi akuzimazima, tikungokhalira kukoleza mbaula.

Paipi sinavute. Mnzanga wina pulambala anandipatsa kachidutswa ka kopa ka 15 mm, kotalika masentimita 12, ndi chotsekera chake. Pansi pake ndinathirapo Pratley, chomatira chouma gwaa, kuti pakhale lathyathyathya, chifukwa kampata kalikonse kotsala pansi kamaba mphamvu ya mpweya. Kukamwa kwa paipi kupaleni ndi tupa, popeza chodulira chimapinda milomo yake mkati ndipo milomoyo imang'amba mphira wa pa kandodo. Mkati mupukute ndi sandipepa yosalala yokulunga pa kamtengo mpaka muziwala. Kandodo ndi ka 12 mm: mumakamanga pa drili, n'kugunditsa tupa kakuzungulira kuti mupange kamzere kokhalamo O-ring (kamphira konga mphete kotseka mpweya kuti usathawe), ndi kadzenje kunsonga.

Nkhondo inali pa O-ring. Mukamapita kukagula, paipi ndi kandodo zikhale m'thumba, musadalire kuyeza ndi maso. Ine ndinazitenga, koma pakhomo pa sitolo ina yaikulu ya zomangira alonda anandiimitsa. Kopa muno mu Joni ndi nkhani, aliyense womunyamula amamuona ngati wadula mawaya a magetsi. Anakatembenuza kapaipi kanga, anakasuzumira mkati, anaitana mnzake, kenako anamatapo kapepala ndipo ndinalowa. Mkatimo mnyamata wa pa shelefu akuti O-ring imodziimodzi sagulitsa, ndi bokosi lonse basi, komanso kutsegula kuti ndiyese ayi. Ndinalipira R120 bokosi la timphira tambirimbiri. Ndili panja ndinayesa pompo: ena akugwera mu paipi, ena osalowa n'komwe. Kubwerera kuti andibwezere ndalama, akuti mwatsegula kale. Nanga ndikanadziwa bwanji osatsegula? Ndinaima pamzere wa madandaulo mpaka dzuwa kupendeka, woyang'anira ati ali ku nkhomaliro, ndipo atabwera yankho linali lomwelo. Potuluka alonda aja anafunanso risiti ya paipi imene anaimata okha kapepala. Ndinakwera takisi ya ku tauni, masitolo a ku Jeppe ndinawapeza atatseka chifukwa Loweruka amaweruka masana, ndipo ndinabwerera ku Bree kokwerera matakisi ndili ndi njala ndi bokosi langa lopanda ntchito.

Ndaiwala za nsalu, ndipo popanda iyo mungamenye mpaka dzanja kutupa. Pamafunika thonje lenileni, monga jinzi yakutha. Zitenje zotchipa zambiri ndi poliyesita, zimangosungunuka n'kununkha. Dulani tizidutswa, ikani m'chitini cha polishi chotsuka bwino, boolani chivindikiro ndi msomali kamodzi, n'kuika pa makala. Utsi ukasiya kutuluka pa kabowo, phulani, tsekani kabowoko, ndipo musatsegule chisanazizire, apo ayi nsalu yonse isanduka phulusa. Yabwino imatuluka yakuda bii, yofewa, yosanyenyeka mukaigwira. Chitirani panja, eni nyumba angakuthamangitseni.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wa ku Mangochi, makanika wa magalimoto a dizilo kufupi ndi Turffontein. Nditawafotokozera anaseka. "Achimwene, mwapanga injini yopanda mateyala," anatero, chifukwa injini imene Rudolf Diesel anaiyendetsa ku Augsburg mu 1897 ilibe mapulagi, imayatsa mafuta ndi mpweya wopanikiza womwewu. Anakhuthula chitini cha timphira ta m'mainjini pa benchi, anayesa kamodzikamodzi pa paipi yanga, n'kuzamitsa pang'ono kamzere ka pa kandodo. Anapaka Vaseline, anakankha, ndipo kandodo kanabwerera kokha. Ndiko kuyesa kwake kumeneko: mukakankha n'kusiya, kandodo kazidumphanso. Kakakhala pansi duu, mpweya ukuthawa. Ndinati, "Amalume, ndi zingati?" Anati ndingowagulira Coke. Ndiye ndibwerezenso: pitani kwa makanika kapena kwa ogulitsa zida za hydraulic, paipi ili m'manja, ndipo musatulutse ndalama mphira musanaiyese.

Kuyatsa kwake kumafuna changu osati mphamvu chabe. Kansalu kakhale kakang'ono ngati njere ya chimanga, kokanikizira m'kadzenje kuti kasagwe. Vaseline akhale pa mphira pokha, akakhudza nsalu siiyaka. Lowetsani kandodo pang'ono, tsamiritsani paipi pa tebulo, menyani ndi chikhatho kamodzi, n'kusolola nthawi yomweyo. Mukachedwa kusolola, khala limazima mkatimo chifukwa mpweya watha. Zikatheka mudzaona kadontho kofiira pakati pa nsalu yakuda. Kachotseni ndi kamtengo, kaikeni mu udzu wouma kapena chingwe cha khonje chomasula, n'kuuzira pang'onopang'ono mpaka lawi. Ikakana kangapo, tulutsani kandodo konse kuti mulowe mpweya watsopano, pukutani mwaye mkati, sinthani nsalu. Kandodo ikani chogwirira chozungulira kumutu, chifukwa popanda icho chikhatho chimalira usiku wonse. Ndipo mu Juni ndi Julayi udzu wa kuno umauma gwaa, moti poyeserera khalani pa simenti, ndowa ya madzi ili pambali.