Mayina awiri, mwana mmodzi: zomwe ndaphunzira sabata ino

Semesita ino tikuphunzira ndakatulo za ku Nigeria, ndiye asayimenti yomwe tapatsidwa ndi yowerenga alakatuli achinyamata omwe bambo ndi Myoruba mayi ndi Muigbo, kapena mosemphanitsa. Ine ndimayembekezera kuti ikhala nkhani ya nkhondo yokhayokha, paja nkhondo ya Biafra, pomwe chigawo cha Aigbo chinkafuna kudzipatula ku Nigeria, inamenyedwa kuyambira 1967 mpaka 1970, mlakatuli wa Chiigbo Christopher Okigbo anafera komweko mu 1967, ndipo Wole Soyinka, Myoruba, anakhala m'ndende miyezi 22 chifukwa chopita kukaonana ndi Ojukwu, mtsogoleri wa Biafra. Koma ana awa nkhondoyo sanaione, amangoimvera kwa agogo, ndipo agogo enanso safuna n'komwe kuikamba.

Chomwe chandigwira mtima ndi mayina. Mwana wamwamuna akabadwa agogo ake aamuna atamwalira, Ayoruba amati Babatunde, kutanthauza kuti bambo abweranso, pomwe Aigbo amati Nnamdi, bambo anga alipo. Ganizo ndi limodzi lomwelo, zilankhulo ziwiri zosamvana. Tsono mwana wa nyumba yotere amanyamula dzina la uku ndi la uko, akapita ku Ibadan kwa Ayoruba amuitana lina, Khisimisi ikafika ulendo wa ku Enugu kwa Aigbo amuitana linanso, ndipo konseko amamuseka katchulidwe chifukwa zilankhulo zonse ziwiri ukakweza kapena kutsitsa liwu molakwika tanthauzo lasintha, monga ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika.

Ndiye pali oriki, ndakatulo zotamanda zomwe mayi kapena agogo Achiyoruba amalakatulira mwana, kutchula makolo ake mmodzimmodzi. Nanga mayi akakhala Muigbo amulakatulira ndani? Apa ndinaima kaye kuwerenga. Ndinaona ngati ana amenewa akudzilembera okha oriki mu Chingerezi, n'kumaponyamo mawu ochepa omwe anatola kukhitchini nthawi ya omugwo, mwambo wa Aigbo pamene agogo akuchikazi amabwera kudzasamala mwana wawo amene wangochira kumene.

Pa fomu ya boma ku Nigeria amafunsa state of origin, chigawo chomwe umachokera, ndipo kawirikawiri umalemba kwa bambo. Kwa mayi kulibe mzere.

Zimenezi zandikhudza chifukwa bambo anga ndi Mchewa wa ku Dowa, mayi Mtumbuka wa ku Rumphi. Kwa bambo amati ana ndi a kuchikazi, kwa mayi amati ana ndi a kwa bambo, ndiye maliro akachitika ife konse timakhala ngati alendo olemekezeka. Anzanga a ku Nigeria aja mbali zonse ziwiri zimatsata kwa bambo, ife ayi.

Asayimenti ndipereka Lachisanu, koma usiku wathawu ndinaimbira mayi kuti andiuze dzina lomwe agogo a ku Rumphi anandipatsa ndili khanda, ndalilemba pamwamba pa pepala.