Lipoti la ulendo wathu wa ku St Lucia

Gulu lathu la Amalawi okhala ku Johannesburg, lija timasonkherana za maliro, chaka chino linasankha kukaona nyanja m'malo mwa phwando. Tinanyamuka usiku pa minibasi, kudzera ku Ermelo ndi Pongola, ndipo kunja kukucha tinali tadutsa Mtubatuba, kulowa m'tauni ya St Lucia ku KwaZulu-Natal.

Ambirife tinkangofuna mvuu ndi ng'ona, ndipo tinazionadi. Koma wotiperekeza pabotipo anaikhotetsa nkhani n'kuyamba za mchere.

Nyanja ya St Lucia, yomwe ili m'paki ya iSimangaliso, ndi mokumana madzi a mitsinje ndi a m'nyanja yamchere ya Indian. Nsomba zambiri ndi nkhanu zimaswana kunyanja yaikulu, tiana take n'kulowa muno kudzakulira. Mu 1952 akuluakulu anaupatutsa mtsinje wa Mfolozi, womwe unkathira madzi mu St Lucia, kuukumbira pakepake pothirira, chifukwa unkabweretsa matope kuchokera kumadambo omwe anasandutsidwa minda ya nzimbe. Matope anachepa, inde, koma madzi abwino ochuluka anapita nawo limodzi. Chilala chitagwa mu 2002, khomo la nyanjayi, polumikizana ndi nyanja yaikulu, linatsekeka ndi mchenga. Dzuwa linkamwa madzi, mchere n'kumatsala. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi mchere wa magalamu pafupifupi 35, koma kumpoto kwa St Lucia unapitirira magalamu 200. Nsomba zinafa, ndipo asodzi a nkhanu kunja kunyanja anayamba kubwerako chimanjamanja.

Apa mpamene bambo wina wa ku Nsanje anadumphira. Atamva kuti nsomba yomwe inapirira kwambiri ndi tilapia ya ku Mozambique, anati, "Achimwene, amenewo ndi makakana athu a ku Shire!" Boti lonse linafa nalo phwete. Mayi wina wa ku Zomba sanaseke nawo, anati zikumukumbutsa mmene Chilwa inaphwera mu 1995.

Chandidabwitsa ine n'chakuti kukonza nako kwabweretsa yake milandu. Mfolozi anamulumikizanso mu 2012, mchere unatsika kwambiri, bango linafalikira, matope anabwerera, alimi a nzimbe n'kumadandaula kuti minda ikumira. Mu Januwale 2021 anachita kukumba khomo lija ndi makina, akatswiri ena akukana.

Tinabwerera Lamlungu madzulo. Amene simunamalize ndalama ya minibasi, onanani ndi amayi asungichuma msonkhano wa mwezi wamawa usanafike.