Batani lofiira limene linayendetsa mkono wa diverter

Lachitatu usiku, itangodutsa 11 koloko, mnyamata woyendetsa mzere wachiwiri pafakitale yathu ya zakumwa kuno ku Harare anaphwanyika zala ziwiri za dzanja lamanja. Chinamupana ndi mkono wa diverter, makina aja opatutsa mabotolo kuchoka panjira imodzi kupita pa ina. Tcheni chinali chitaima, batani lofiira loimitsira zonse linali litadinidwa, ndipo batani lomwelo ndi limene linachititsa kuti mkono uyende. Amisiri anzanga a m'madera a mafakitale a Workington, Southerton ndi Msasa, ambiri a inu muli ndi makina otere, ndipo zimene zinachitidwa kwathu kuti mzere usaime ndikudziwa kuti zimachitikanso kwina.

Mzere wathu umadzaza mabotolo apulasitiki a 500 ml, okwana 12,000 pa ola. Amatuluka m'makina omata malebulo atandandalikana panjira imodzi, pamene makina okulunga amafuna njira 4, mabotolo 6 panjira iliyonse, kuti phukusi likhale la 24. N'chifukwa chake pali ma diverter atatu. Yoyamba imagawa njira imodzi kukhala ziwiri, ena awiriwo n'kugawanso iliyonse pawiri. Yoyambayo ndi imene imathodwa kwambiri. Sensa ikawerenga mabotolo 12, chopanira cha kunsonga kwa mkono chimagwira la 13 m'mbali, la 12 limapitirira n'kusiya mpata, valavu imatembenuza mpweya, silinda imakankha mkono kupita kunjira inayo, chopanira n'kumasula. Botolo lililonse limadutsa pa masekondi 0.3, ndiye mkono uyenera kukhala utafika pakatha kotala ya sekondi basi. Pa ola umapita uku ndi uku maulendo 1,000. Ukachedwa pang'ono chabe, botolo limagunda mphuno ya chitsulo cholekanitsa njira, n'kugona chopingasa.

Lolemba la sabata yomweyo linatha ndi ntchito za masiku onse. Magetsi anazima kawiri, jenereta inanyamula bwino, tinasintha mapulasitiki oyera amene tcheni chimatsetserekapo pakona ya kumalebulo. Tinayezanso tcheni: mfundo 20 za 38.1 mm zikakhala zatsopano zimakwana 762 mm, ife tinapeza 780. Chikafika 785 ndiye chatalika ndi 3 pa 100 iliyonse, chiyenera kuchotsedwa chisanayambe kulumpha mano. Pepala lopempha tcheni china linapita kusitolo tsiku lomwelo, kukagona pamwamba pa mapepala ena.

Lachiwiri buku la shifiti linasonyeza kuti diverter yoyamba inakodwa maulendo 31 pa maola 8. Geji ya mphamvu ya mpweya pamakinapo imayenera kukhala pa 6 bar, koma makina ena akakoka mpweya nthawi imodzi inkagwa mpaka 4.5. Apa anthu amaiwala kuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya wake ndi wopepuka, moti kompuresa imapereka wochepa ndi pafupifupi 15 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi imene ili kugombe la nyanja yamchere. Amene anagula kompuresa yathu anangowerenga manambala a pabokosi. Kuwonjezera apo, makina oumitsa mpweya anafa mu September ndipo mvula ndi iyi yayamba. Kapu ya sefa tinaipeza yodzaza madzi ofiirira ndi dzimbiri. Madzi amenewa akalowa m'valavu amatsuka girizi, kachitsulo kotsetsereka m'kati kamayamba kukakamira, ndipo mkono umafika mochedwa ulendo umodzi pa maulendo mazana angapo. N'zokwanira kuti woyendetsa azitsegula chitseko chotchinga makinawo mphindi 15 zilizonse.

Munthu wotsegula chitseko ka 31 pa shifiti, uku a foromani akumuwerengera mphindi, amafuna njira yachidule. Wina, sitikudziwa shifiti iti, anamasula pachitseko kakiyi ka interlock, switchi yoletsa makina kuyenda chitseko chikatseguka, n'kukasiya kali kolowetsa m'switchi yake. Kuchokera tsiku limenelo makina ankaona ngati chitseko ndi chotseka nthawi zonse.

Koma gwero lenileni ndi valavu. Diverter imeneyi inabwera ndi valavu ya 5/2 ya makoyilo awiri a 24 V, koyilo iliyonse ikalandira magetsi imatembenuzira mpweya mbali yake. Valavu yotere, magetsi akachoka, imakhala pomwe inali, mkono sugwedezeka. Mu August inakakamira, kusitolo kunalibe ina, ndipo oda ya ku Johannesburg inkadikira kaye kuti akuluakulu avomereze madola, kenako idikire galimoto yodutsa pamalire a Beitbridge. Mzere sungaime milungu itatu. Kunapezeka valavu ya koyilo imodzi, yobwerera ndi sipuling'i, yochotsedwa pamakina akale okankha makatoni. Mabowo ake ndi ofanana, mabawuti ndi omwewo. Pulogalamu ya PLC yathu, kakompyuta koyendetsa makinawa, imasunga magetsi pakoyilo nthawi yonse imene mkono uli kunjira yachiwiri, choncho valavuyo inagwira ntchito ngati palibe chasintha. M'buku munalembedwa kuti "yakanthawi". Pulagi ya koyilo yachiwiri inakulungidwa tepi yakuda n'kumangiriridwa papaipi, ndipo Lachitatu usiku ndinaipeza ili pompo, tepi itatuwa ndi fumbi la miyezi itatu. Cholakwa ichi dipatimenti yathu yokonza makina siingachithawe. Tinaiika ndife, ndipo palibe anayesa kudina batani lofiira mkono uli kunjira yachiwiri kuti aone chimene chichitike.

Usiku umenewo botolo linagona chopingasa mkono utangofika kunjira yachiwiri. Mnyamatayo anaimitsa tcheni ndi batani wamba, PLC inapitiriza kugwira koyilo, mkono unali phee. Anatsegula chitseko, n'kupisa dzanja pakati pa mkono ndi njanji ya m'mbali kuti azule botolo lophwatalalalo. Mayi wina wolongedza, wachikulire, amene makolo ake anachokera ku Dedza, anamuona ali patali. Awiriwa amakwera kombi imodzi ya ku Mufakose, ndipo usiku amalankhulana Chichewa pamene fakitale yonse ikuyankhula Chishona. Mayiwo anakuwa kuti, "Mwanangu, dzanja!" n'kumenya batani lofiira, monga momwe tonse tinaphunzitsidwira. Batanilo limadula 24 V ku makoyilo onse. Koyilo itafa, sipuling'i inabweza valavu, thanki inali yodzaza mpweya, mkono unabwerera kunjira yoyamba ndi mphamvu zake zonse.

Silinda yake ndi ya 32 mm. Pa 6 bar imakankha ndi mphamvu yoposa 480 N, ngati thumba la simenti la 50 kg kuliika pazala, ndipo dzanja linali pafupi ndi polumikizira pomwe mkono umafinya kwambiri. Kuti limasuke, mmisiri wa usiku anachita kuzula paipi ya mpweya ndi manja, chifukwa valavu yotulutsira mpweya pamakina amenewa panalibe. Nditafika ndinapeza mayi aja atakhala pakireti, atagwira kumutu, magolovesi ali pansi. Anati, "Bambo, ine ndimati ndimupulumutse mwanayu." Ndinawauza kuti, "Mayi, inu munachita zoyenera. Makinawa ndi amene anali olakwika." Ndimafuna mawu amenewa alowenso m'lipoti.

Lachinayi m'mawa kunali msonkhano. Pepala loyamba limene linabwera patebulo linali litalembedwa kale kuti ngozi inachitika chifukwa wantchito anapisa dzanja m'makina osatseka mpweya ndi loko. N'zoona, sanatseke. Nanga akanatseka pati? Mpopi wa mpweya wa mzere umenewu uli pamwamba, mamita atatu kuchokera pansi, ulibe bowo lokolekapo loko, ndipo ukautseka mpweya wa m'mapaipi sutuluka. Lamulo lotseka ndi loko linamatidwa pakhoma, koma chipangizo chotsekera chinachotsedwa pabajeti kawiri. Ndinaika patebulo mapepala atatu opempha valavu, la August, la September ndi la October, onse odindidwa kuti alandiridwa. Ndinakana kusaina mpaka lipoti lopita ku NSSA, bungwe la boma loona za ngozi za pantchito, litatchula valavu, interlock ndi makina oumitsa mpweya. Chimene chimandiwawa n'chakuti valavu ya makoyilo awiri inapezeka masana omwewo kwa ogulitsa zipangizo ku Graniteside. Inalipo miyezi yonseyi. Mtengo wake sufika n'komwe pa mabotolo amene timataya pa shifiti imodzi yokodwakodwa. Chinasowa ndi siginecha ya munthu mmodzi.

Mzere unaima Lachinayi lonse ndi theka la Lachisanu. Tinabwezera valavu yoyenera n'kumasula pulagi ija m'tepi. Pakhomo la mpweya tinaikapo mpopi wokoleka loko umene umatulutsa mpweya wa m'kati ukautseka, pamsinkhu wofikira munthu ataimirira. Pambuyo pake tinaika valavu yotulutsa mpweya yolumikizidwa ku batani lofiira ndi ku chitseko, kuti chilichonse mwa ziwirizi chikakhudzidwa silinda ikhale yopanda mphamvu, mkono uzikankhika ndi dzanja. Apa pali msampha wina. Silinda ikakhala yopanda mpweya mbali zonse, ndiye mwaubweza mwadzidzidzi, mkono umamenya ngati nyundo, chifukwa ma flow control athu, timavalavu tolamulira liwiro la silinda, amachepetsa mpweya wotuluka, ndipo nthawi imeneyo mulibe wotuluka woti augwire. Choncho valavuyo iyenera kukhala ya soft start, yodzaza pang'onopang'ono kwa masekondi awiri kapena atatu isanatseguke yonse. Interlock yakale tinaichotsa, tinaika ya maginito yokhala ndi kodi, yomanga ndi zomangira zosamasuka ndi sikuludiraiva wamba.

Zonsezi n'zachabe ngati makina akupitiriza kukodwa, chifukwa wina adzapezanso njira yachidule. Ndiye tinalimbana ndi kukodwako. Polumikizira mkono panali patadyeka moti nsonga inkagwedera 4 mm, tinasintha bushi ndi pini yake. Njanji za m'mbali zinali zitatseguka 9 mm kuposa botolo, mabotolo ankayenda mokhotakhota. Tinazibweza pa 3 mm pogwiritsa ntchito botolo lodzaza ngati muyezo, poti lopanda kanthu limafinyika n'kukunamizani. Sensa inkaloza pamimba pa botolo, pomwe pulasitiki ndi yoonekera ndipo mabotolo amagundana, moti nthawi zina awiri inkawawerenga ngati limodzi ndipo chopanira chinkatseka pakati pa botolo. Tinaikweza kuti iziona zotsekera, pomwe mpata umakhalapo nthawi zonse, ndipo kagalasi kake tinakaikira denga kuti thovu la sopo wa tcheni lisamakadonthere. Ma flow control wina anali atawatsegula mpaka kumapeto pofuna kubweza liwiro lotayika ndi mpweya wochepa, ndiye mkono unkagunda n'kudumpha m'mbuyo. Tinawatseka onse n'kumatsegula kotala kotala, kenako n'kusintha kasikuluwu ka cushion, kofewetsa kugunda kwa silinda ikafika kumapeto, mpaka phokoso la chitsulo litatha. Pafupi ndi diverter tinaikanso kathanki ka malita 10 ndi valavu yosabweza mpweya, kuti geji isamagwe makina ena akakoka.

Kuyesa kumene kunayenera kuchitika mu August kumatenga mphindi zosakwana 10. Imitsani tcheni, ikani mkono kunjira yoyamba, lowetsani botolo lopanda kanthu pomwe dzanja lingalowe, tsekani chitseko, dinani batani lofiira, muone. Bwerezani mkono uli kunjira inayo. Chitaninso chimodzimodzi potsegula chitseko, pozimitsa magetsi onse a makinawo, ndi pobweza mpweya. Botolo likaphwanyika pa kuyesa kulikonse, makinawo asayende. Titayesa ma diverter ang'onoang'ono awiri aja, imodzi inaphwanya botolo. Nayonso inali ndi valavu ya sipuling'i, yoikidwa kale kwambiri moti m'buku mulibe.

Loweruka mzere unayenda maola 8 ndipo unakodwa ka 4. Makina oumitsa mpweya akadali akufa, akuti ndalama yake iganiziridwa mwezi wamawa, ndiye tikukhetsa madzi m'makapu a sefa ndi manja maola awiri alionse, ndipo valavu yatsopanoyo ikumwa madzi omwewo amene anapha inzake. Tcheni chija cha 780 mm sichinayankhidwe. Mnyamatayo anatuluka m'chipatala Lachisanu, chala chimodzi anachiika waya, ndipo madokotala akuti adzaona pakatha milungu 6 ngati chizipinda. Mayi aja apempha kuti awasamutsire kumzere wina, pempho lawo ndalisainira ndipo Lolemba ayamba kumakatoni.